Mgolo umene a NyaKayira anagubuduza

Amayi Keziya NyaKayira anachotsedwa ntchito chifukwa chotsuka mbale. Ndikanena choncho achinyamata amaseka, amati nkhalamba yayamba kusokonekera, koma ine ndinalipo ndipo ndinaona ndi maso angawa. Ndine Gideon Kamwaza wa ku Ntcheu. Boma linanditumiza ku Karonga mu 1975 kukaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya atsikana yogonera komweko, kufupi ndi Mlare. Dzina la sukuluyo sinditchula, poti makoma ake sanalakwire munthu.

A NyaKayira anali mkulu wa ophika. Kwawo kunali ku Vinthukutu. Sukulu analekezera Sitandade 3, bambo awo atanena kuti mwana wamkazi akadziwa kulemba dzina lake basi zakwana. Amuna awo, a Manase, anabwerako ku migodi ya ku Joni ndi chifuwa, ndipo chaka chisanathe anaikidwa m'manda. Anawasiyira ana awiri ndi kamunda ka chinangwa. Ntchito ya pa sukulupo ndiyo inawaimika: anali ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa khitchini, ndipo ana awo ankagona atakhuta. Anali mayi wamfupi, wa mawu okwera, manja ong'ambikang'ambika ndi phulusa. Chichewa ankachiyankhula mochikankha, Chitumbuka chikutulukira m'mbali. Khalidwe lawo lalikulu, lomwe linadzawapweteka, linali lakuti sankavomera chinthu chifukwa choti wanena ndi bwana. Ankafuna amve kaye chifukwa chake.

Zaka zimenezo matenda a kolera anali atayamba kumveka m'dziko muno, ndipo pa sukulu pathu kutsegula m'mimba kunali ngati gawo la maphunziro. Mvula ikangogwa, chipinda cha odwala chinkadzaza. Tsiku lina kunabwera mkulu wina wa zaumoyo pa njinga yamoto, anasiya chitini cha ufa woyera wotchedwa kolorini, n'kunena kuti, "Muzithira m'madzi otsukira mbale, majeremusi azifa." Anangonena zomwezo, n'kuliza njinga yake.

Chitinicho chinakhala pa shelefu milungu iwiri osatsegulidwa. Kenaka masana ena ndinangoona a NyaKayira atatsekereza khomo la kalasi yanga ya sayansi, chitini chili m'khwapa.

"Asambizgi," anatero, poti kumeneko mphunzitsi amamuitana choncho, "munkhwala uwu ukununkha ngati wa ku chimbudzi. Akuti ndithire m'mbale za ŵana. Ukupha vichi, ukupha chiyani? Ine sindinaonepo kanthu m'madzi anga."

Sukulu inali ndi maikulosikopu imodzi yokha, makina aja oonera tinthu tosaoneka ndi maso, ndipo sindinkalola munthu wamba kuikhudza. Koma mayi ameneyu sanali woti n'kumubweza. Ndinakatapa dontho la madzi m'ngalande ya kuseri kwa khitchini yawo yomwe, ndinaliika pa kagalasi, n'kuwauza kuti atsinzine diso limodzi.

Anawerama nthawi yaitali. Kenaka anadzuka ngati alumidwa. "Vikwenda! Zikuyenda, asambizgi! M'madzi anga?"

Ndinawafotokozera kuti zikuluzikulu zimene zinkasambirazo sizinali zoopsa kwenikweni. Zotsegula m'mimba ndi timadontho tija tinkanjenjemera cha m'mbali, mabakiteriya, tochepa kwambiri moti makina athu okalambawo ankangotionetsa mwa chimbuuzi. Koma imfa yake ndi yofanana, ndinatero, ndiye tionere pa chachikulu. Ndinadontheza madzi a kolorini m'mphepete mwa kagalasiko. Chilombo chimene chinkathamanga chija chinayamba kuzandima, chinaima, chinafufuma, kenaka khungu lake linang'ambika ndipo zam'kati zinatayikira panja.

"Chaphulika," anatero a NyaKayira motsitsa mawu, diso lisakuchoka pa makinawo.

Apa ndinaphunzitsa phunziro labwino kuposa onse amene ndinaphunzitsapo m'zaka makumi atatu, ndipo wophunzira wake anali mmodzi, wa Sitandade 3. Ndinawauza kuti kachilombo kalikonse ndi kathumba kamodzi kokha. Moyo wake wonse uli pa khungu la kathumbako, chifukwa pa khungupo pali timakomo tolowera chakudya ndi potulukira zoipa, ndipo khungulo ndi limene limasunga madzi a m'kati kuti asasakanikirane ndi akunja. Kolorini akasungunuka m'madzi amawotcha khungu limenelo. Timakomo timawonongeka, thumba limayamba kudontha. Ndipo sathera panja pokha. Ndi wochepa thupi, amalowa m'kati, n'kukapeza mapuloteni amene amagwira ntchito zonse za kachilomboko. Iliyonse ya mapuloteniwo inapindidwa mwa mtundu wakewake, ndipo ikapindukuka ntchito yatha. Kolorini amaipindula, imaundana ngati choyera cha dzira chikagwera m'madzi otentha.

"Dzira lophika silibwerera," anatero iwo.

"Silibwerera, amama. Koma zimafuna nthawi. Mukangoviika mbale n'kuvuula, mwangotisambitsa tizilomboto."

Anatembenuza chitini m'manja. Kenaka anafunsa funso limene palibe mtsikana wa Fomu 4 anandifunsapo. "Nanga munkhwala ukudziwa bwanji kuti ichi ndi chilombo, ichi ndi mafuta a nyama?"

Sudziwa. Ndiye nkhani yonse imeneyo. Kolorini sasankha: amawotcha chilichonse chimene wayamba kukumana nacho, kaya ndi mafuta, magazi, mamba a nsomba kapena nyenyeswa za mpunga, ndipo akawotcha iyenso watha. Tizilombo tobisala pansi pa mafutawo timatsala tili gwa. Choipitsitsa n'chakuti akasakanikirana ndi madzi a nyama fungo lake limakula, limaluma m'maso, pamene mphamvu yapita. Tinayesa pomwepo. Makapu awiri a madzi a kolorini, ina yoyera, ina tinathiramo madzi otsukira usipa. Ya usipayo inanunkha mpaka a NyaKayira anayetsemula. Tinadontheza zonse ziwiri pa kansanza kofiira. Yoyera ija inasiya banga loyera, yonunkha ija inangonyowetsa basi.

Kuyambira mawa lake khitchini inasintha. Mabeseni awiri ndi mgolo zinandandalikidwa pansi pa mtengo wa mango, poti ndinawauza kuti dzuwa nalonso limadya mankhwalawo. Loyamba la phulusa ndi mchenga, lachiwiri la sopo, ndipo mbale yosayera sinkaloledwa kufika ku mgolo wa kolorini. Wotchi analibe, choncho mbale zikalowa mu mgolo ankayamba nyimbo ina yaitali ya ku tchalitchi kwawo, n'kuiimba ndime zonse kawiri. Isanathe, wokhudza mbale ankalawa mthiko. Atsikana anayamba kuwatcha a dokotala, mowaseka, iwo n'kumavomera ndithu. Nyengo ziwiri za mvula zinadutsa chipinda cha odwala chili ndi malungo okhaokha. Palibe anafunsa chifukwa chake. A hedimasitala athu, a Reginald Sambani, analemba ku Boma kuti thanzi la ana lakwera chifukwa cha mwambo umene iwo anakhwimitsa.

A Sambaniwo anali munthu wa jekete ngakhale mu Okutobala wa ku Karonga, pamene ngakhale abuluzi amabisala. Sanali wankhanza. Anali wamantha, ndipo masiku amenewo munthu wamantha wokhala pa mpando ankawononga kuposa wankhanza.

Mu Okutobala wa 1978 kunamveka kuti mkulu wina wa chipani akubwera kudzatsegulira nyumba yatsopano yogonamo atsikana. Ng'ombe inaphedwa m'mawa wa tsikulo. Chakudya chinali mpunga ndi mbalagha, nthochi zosapsa zophikira pamodzi ndi nyama, cha anthu oposa mazana atatu. Mbale za sukulu sizikanakwana, ndiye anakabwereka zina m'midzi, zobwera m'madengu, zina makoswe atayendapo. Kudzathandiza kuphika kunabwera amayi a chipani pafupifupi makumi awiri, onse mu nsalu ya chipani, ija ya nkhope ya mtsogoleri wa dziko, motsogozedwa ndi wapampando wawo, mayi Febby.

A NyaKayira anali atasakaniza mgolo wawo m'mamawa, n'kupita ku sitolo kukatulutsa mpunga ndi mafuta. Amayi aja anamva kuti mu mgolomo muli mankhwala oyeretsa chilichonse. Sindiwada, anachita mwa mtima wabwino. Anatsukiramo matumbo a ng'ombe, chifu chake ndi ndowe zomwe, mipeni, matabwa odulirapo nyama, kenaka manja awo. Pamene mwini mgolo ankabwerako, madzi anali obiriwira, mafuta ali yandayanda pamwamba.

Ine ndinali pomwepo, chifukwa ndinapatsidwa ntchito yoyang'anira atsikana operekera chakudya. Dzuwa lili paliwombo, a Sambani anatulukira thukuta lili kamukamu. Mlendo wamaliza kuyankhula msanga, ali ndi msonkhano wina kum'mwera, akufuna kudya tsopano lino. Mbale zonse ziviikidwe mu mgolomo, zipukutidwe, chakudya chipakulidwe.

"Yayi, a hedi," anatero a NyaKayira. "Umo ayi."

A Sambani anawerama pa mgolo, ananunkhiza, n'kudzuka misozi ili lengelenge. "Mukumva? Akuluma m'mphuno. Mphamvu yokhayokha imeneyi. Viikani, mayi."

"Maji agha ghafwa. Madzi awa afa, a hedi. Fungo mukumvalo ndi la maliro ake. Nyama ilibe mlandu, yapita pa moto. Koma mbale sizipita pa moto. Mukaviika umu, ndowe za ng'ombe zipita m'kamwa mwa ŵana."

"Mayi, mukudziwa amene wakhala m'holomo?"

"Naye ali ndi mimba ngati ife tomwe."

Amayi ena anagwira pakamwa. A Sambani anatembenukira atsikana n'kuwalamula kuti ayambe kuviika. Mtsikana woyamba asanafike ndi dengu lake, a NyaKayira anatsamiza phewa pa mgolo uja, n'kuukankha. Unagwa, khuu, madzi onse n'kuyenderera mpaka pa nsapato za a hedi. Kenaka anayamba kulamula ngati palibe chachitika: awa ku mjigo ndi ndowa, awa pa phulusa, awa pa sopo. Atsikana anawamvera iwo, osati jekete, ndipo ndikhulupirira kuti chimenechi a Sambani sanachikhululuke.

Mgolo utadzazidwanso, a NyaKayira anasungunula ufa uja m'kandowa kakang'ono, m'madzi ochepa kuti ukhale waukali, monga ankachitira nthawi zonse asanathire m'madzi ambiri. Apa mayi Febby, amene anali atapsa mtima kuyambira pa mawu a mimba aja, anagwira chogwirira cha kandowako.

"Iwe Keziya, bwana adikire mbale? Ndiwe yani iwe?"

"Lekani, amama, muwotcheka."

Anakokerana kamodzi kokha. Madzi anakhavukira pa nsalu ya mayi Febby, kuyambira m'chiuno kutsika. Poyamba inangooneka yonyowa. Kenaka mtundu unayamba kuthawa tonse tikuona, ndipo pamene panali nkhope panatsala chibanga choyera, mbee.

Amene sanakhale ndi moyo zaka zimenezo sangamvetse bata limene linagwa pansi pa mango paja. Inali nsalu chabe, ya pa sitolo. Koma anthu akuluakulu, aphunzitsi, amayi obereka, tonse tinayang'ana pansi ngati taona maliseche a apongozi. Mayi Febby anayamba kulira mokuwa, ndipo sindikudziwa ngati ankalira ndi mkwiyo kapena ndi mantha kuti mlandu ungagwere iwo ovala nsaluyo.

A NyaKayira anayang'ana banga lija, anayang'ana zotsala m'kandowa, anazikhuthulira mu mgolo n'kuvundula. Mbale zinalowa. Anaima kutsogolo kwa mgolowo, manja m'chiuno, n'kuyamba nyimbo yawo ija. Sanadumphe ndime. Mbale zinali zambiri, choncho anaviika maulendo atatu, ndipo maulendo atatu onsewo anaimba mpaka kumapeto. Mlendo anadya mochedwa ndi ola lathunthu, anakhuta, anayamikira mbalagha. Galimoto yake itangotuluka pa geti, anyamata a malaya ofiira a chipani anabwera kudzatenga a NyaKayira, manja awo akadali onyowa.

Patapita masiku atatu ndinaitanidwa ku ofesi ya a hedi. Munali amuna awiri ochokera ku Boma, mmodzi ali ndi kope. Anati nkhani ndi yosavuta. Mayiyu akuti anataya madzi chifukwa anali oipa. Ngati zili zoona, ndiye kuti zinazo zinali ngozi. Koma ngati madziwo anali abwino, ndiye kuti anachita dala kuti achedwetse mlendo ndi kunyoza chipani. Inu ndinu a sayansi, tiuzeni: mankhwala analimo kapena munalibe?

Ndinkadziwa yankho kuposa munthu aliyense m'boma lonse la Karonga. Ndine ndinawaphunzitsa. Koma ndinaona kope lija, ndinakumbukira mkazi wanga amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu awa: "Fungo linalipo, bwana."

Sindinaname, eti? Fungo linalipodi. Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza ndi bodza limenelo. Wa kope uja analemba kuti mphunzitsi wa sayansi watsimikiza kuti mankhwala anali m'madzimo, ananditembenuzira pepala, ndipo ndinasaina. Dzanja silinanjenjemere n'komwe, ndipo chimenechi chimandinyansa mpaka lero.

Lolemba lotsatira, pa mzere wa m'mawa, a Sambani anaima pa khonde n'kufunsa sukulu yonse: "Munadya nonse tsiku lija. Alipo amene anatsegula m'mimba? Akweze dzanja." Palibe anakweza. "Mwaona? Ndiye phokoso lonse lija linali la chiyani?"

Atsikana anawomba m'manja, poti ankayenera kuwomba. Ine magazi anawira. Ana mazana atatu aima apo ali bwinobwino chifukwa mayi mmodzi anagubuduza mgolo, ndipo thanzi lawo lomwelo ndi limene likusandutsidwa umboni womutsutsa! Mayiyo akanamvera, ana akanagona m'chipinda cha odwala mpaka pansi, mwina ena tikanawanyamula pa machira, ndipo aliyense akanati ndi tsoka la nyengo yotentha. A NyaKayira akanakhalabe ndi ntchito yawo. Ndinaima pamenepo ndi mkwiyo wanga wonsewo, manja kumbuyo, osatsegula pakamwa.

A NyaKayira anawasunga m'ndende milungu isanu ndi iwiri osawatengera ku khoti. Atatuluka anapeza katundu wawo ataunjikidwa kale pa ngolo, ana awo atatengedwa ndi achibale. Anabwerera ku Vinthukutu, ku kamunda ka chinangwa kaja. Palibe sukulu kapena chipatala chimene chikanalembanso munthu wa mbiri yotere. Mwana wawo wamkulu, amene ankakhoza bwino masamu, anasiya sukulu chaka chomwecho. Ku khitchini kunabwera wophika wina waulemu kwambiri, wodziwa kugwada, ndipo mvula ya chaka chotsatira chipinda cha odwala chinadzazanso. A Sambani analemba ku Boma kuti vuto ndi madzi a pa mjigo.

Mlandu suwola. Zinanditengera zaka ziwiri kuti ndilimbe mtima, koma mu 1980 ndinakwera basi, n'kuyenda wapansi mtunda wotsalawo kukawafuna. Ndinawapeza pa khonde akusenda chinangwa choti aviike. Anali atachepa thupi, tsitsi litayamba imvi. Anandipatsa kampando, anandifunsa za mayi a kunyumba ndi mwana, monga mwa ulemu. Ine ndinali nditakonza mawu anga ulendo wonse, koma ndisanafike pakati anandidula.

"Kalata yanu anandiwerengera, asambizgi. Kawiri, kuti ndimve bwino. Ndinati mukunama, si iwo. Ndiye anandionetsa pansi pake. Kuwerenga sinditha bwino, koma dzanja lanu ndimalidziwa."

Ndinayang'ana makoko a chinangwa amene anali pansi. Ndinati ndinachita mantha, amama, ndikhululukireni.

Anakupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. "Mantha tonse tinali nawo. Izo zisiyeni. Ine ndikufuna mundiuze chimodzi. Ŵana ŵala, ana aja, anadwala angati?"

"Tsiku lija? Palibe."

Mpeni unaima. "Ngakhale mmodzi?"

"Ngakhale mmodzi, amama."

Anaika mpeni pansi, n'kuphimba nkhope ndi manja ong'ambika aja. Mapewa ankagwedezeka. Atachotsa manja, maso anali ofiira, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana ndi mkwiyo weniweni.

"Theka la munkhwala linatayikira pa nsalu ija. Ndinathira lotsala, chitini chinali chitatha. Zaka ziwiri ndakhala ndikuti unachepa, mwina ndinapha mwana wa munthu, n'chifukwa chake palibe akubwera kuno. Basi imadutsa pa msewu apo tsiku lililonse, asambizgi. Munalephera kungotumiza mawu?"